Mabuku Mazana Atatu a Khofi wa ku Misuku

Chaka choyamba, mwezi wa Meyi

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, chifukwa mulibe china koma mbuzi ndi zikwapu. Za ku Mchinji, kumene ndinayambira ntchito ya ulangizi wa zaulimi, akuluakulu a inu munali nane ndipo mukuzikumbukira. Zimene simukuzidziwa ndi za ku Misuku, m'boma la Chitipa, kumene ndinakhala ndekha zaka zisanu ndi chimodzi. Masiku amenewo, nthawi ya chipani chimodzi, kalata ikabwera yoti wasamutsidwira ku Chitipa anzako sankafunsa kuti unyamuka liti, ankafunsa kuti walakwanji. Ine sindinalakwe kanthu, kupatula kuti pamsonkhano wina ndinawakonza bwana masamu alendo ali pomwepo. Pakamwa pangapa mukupadziwa.

Mayi anu, Nangondo, anakana kunditsatira, ndipo sindinawaimbe mlandu. Nyumba ya mlangizi ku Misuku inali chipinda chimodzi ndi kasitolo kosungiramo mankhwala opopera, ndipo ulendo wake unali wa masiku atatu ngati msewu uli bwino. Anabwerera nanu kwawo ku Ntcheu, kumene kunali munda ndi sukulu pafupi. Tinapangana kuti ndizibwera pa tchuthi kamodzi pachaka, ndi kuti ndalama iliyonse yotsala ndiziika m'buku la ku positi. Ndalama zimenezo zinali ndi dzina: zinali za sekondale ya Esinati, mwana wathu woyamba, amene aphunzitsi ankati ali ndi mutu.

Misuku ndi mapiri, nkhungu, nthochi ndi tinjira toterera tokwera ngati makwerero. Anthu ake ndi abwino, koma chiyankhulo chawo ndi Chisukwa, ndipo mlendo amamulandira m'Chitumbuka. Chichewa changa chinkawafika theka. Ndikamaphunzitsa ankamwetulira n'kumati "yewo, yewo", kenako aliyense n'kukachita zimene ankachita kale. Lamlungu ndinkakhala kutchalitchi maola awiri ndikumva mawu oti "Yesu" ndi "ameni" okha, ndikatero n'kubwerera kukakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Wailesi ndinali nayo, koma mabatire ankasowa miyezi iwiri kapena itatu. Panali masiku ena amene mawu anga onse, kuyambira m'mawa, anali moni wapanjira. Ndinkasungulumwa kwambiri, ndipo palibe amene ndinamuuzapo.

Vuto la ntchito linali limodzi lalikulu. Alimi ankathyola khofi wofiira pamodzi ndi wobiriwira, ndiye kufakitale yopukusira ankawatsitsa giredi. Kulikulu ankatitumizira timapepala tophunzitsira, koma zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera. Tsiku lina ndinaonetsa kapepala kotere kwa a Simwaka, mlimi wachikulire amene ankadziwako Chichewa chifukwa anagwirapo ntchito kumwera. Anakayang'ana, anakatembenuza, n'kundibwezera.

"Alangizi, pano wakupsa ndi uti? Ine nkuwona vyose vikufanana waka."

Ankanena zoona. Pakapepalapo chipatso chakupsa ndi chosapsa zinali timadontho takuda tofanana, ndipo tsamba lodwala linkaoneka lathanzi kuposa linzake.

Chaka chachiwiri ndi chachitatu

Kujambula ndinkakudziwa kuyambira kusukulu, kungoti palibe amene ankakuyesa ntchito. Ndinatuma munthu wina wamalonda amene ankawoloka malire kuti andigulire kabokosi ka utoto wosungunula ndi madzi ndi timaburashi tiwiri. Mapepala olimba ndinapempha kwa aphunzitsi aakulu a pasukulu yapafupi. Loweruka ndi Lamlungu masana ndinkakhala m'munda mwa a Simwaka n'kumajambula zimene ndikuona: nazale, kuokera mbande, kudulira, maluwa oyera aja amene amadzaza phiri lonse mvula yoyamba ikagwa, amayi akuthyola, khofi ali pathandala, masamba odwala matenda a dzimbiri, mbozi yoboola tsinde. Utoto wofiira ndi umene unkatha msanga. Nthawi ina ndinaudikira miyezi itatu, chithunzi cha amayi othyola chili chikhalire ndi mitengo yopanda zipatso.

Nditanyamula zithunzizo kupita nazo kumsonkhano wa alimi, kwa nthawi yoyamba ndinaona anthu akukankhana kuti ayandikire. Mayi wina analoza tsamba la dzimbiri n'kuyankhula zambiri m'Chisukwa, ndipo a Simwaka anandimasulira kuti akuti kumunda kwake kuli zomwezo. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda mothamanga ngati ndili ndi wina wokamuuza. Apa ndi pamene maganizo a buku anandilowa. Zithunzi zinali za m'manja, chimodzi chimodzi, ndipo zinkada ndi zala. Ndinkafuna mlimi aliyense akhale ndi zake.

Ndinakauza bwana wanga ku Chitipa Boma, a Chirwa, munthu wofatsa amene ankaopa mapepala kuposa njoka. Anaziyang'ana zithunzi zonse khumi ndi zisanu ndi chimodzi, n'kunena kuti n'zokongola. Analembera kulikulu kupempha kuti boma lisindikize. Yankho linabwera patatha miyezi isanu ndi iwiri, mizere iwiri: ndalama za zithunzi zamitundu palibe, koma ngati mwiniwake akufuna kusindikiza payekha atha kupempha chilolezo.

"Zisiyeni, achimwene," anatero a Chirwa. "Muziphunzitsira zomwezi. Buku si ntchito ya munthu wa malipiro athuwa."

Akanati "yesani", mwina ndikanazisiya. Koma anati "zisiyeni", ndipo makani anga mukuwadziwa.

Chaka chachinayi, tchuthi cha mu Ogasiti

Pa tchuthi chimenecho sindinatsike pa Ntcheu. Ndinapitirira mpaka ku Blantyre zithunzi zili m'chikwama, zitakulungidwa m'pulasitiki. Makampani awiri osindikiza anandibweza pakhomo pomwe atamva kuti ndine munthu wamba. Wachitatu anali waung'ono, ndipo woyang'anira makina, a Nkoloma, anandikhazika pansi n'kundifotokozera ngati mwana wa sukulu.

Ine ndinkaganiza kuti makina amangojambula chithunzi n'kuchilavula chambiri. Iwo anati ayi. Chithunzi chilichonse amachigawa m'mitundu inayi, wabuluu, wofiirira, wachikasu ndi wakuda, ndipo mtundu uliwonse uli ndi puleti yake yachitsulo. Pepala limadutsa m'makina kanayi, ndipo likaphonya pang'ono pokha, munthu wa pachithunzi amatuluka ndi maso anayi. Mafilimu ogawira mitunduyo ankachokera kunja, inki ankachokera kunja, ngakhale pepala losalala lija linkachokera kunja ndipo nthawi zina linkasowa.

"Bambo, mumve bwino apa," anatero a Nkoloma. "Buku loyamba ndi limene limadya ndalama zonse. Otsatirawo ndi pepala ndi inki basi. Mabuku zana limodzi ndi K880. Mazana atatu ndi K960. Ndiye musankhe nokha."

Ndinafunsa ngati mtengo umenewo unali wa mitundu patsamba lililonse. Anaseka. Anati umenewo sanauwerengere n'komwe, chifukwa ndikanagwa pampando. Umenewu unali wa njira yopulumutsa: pepala lalikulu lisindikizidwe mitundu mbali imodzi yokha, mbali inayo inki wakuda. Likapindidwa ndi kudulidwa, tsamba lililonse lidzakhala ndi chithunzi kumaso ndi mawu kumbuyo kwake. Chikuto chikhale cha katoni wamba, chomangira chikhale timawaya tiwiri pakati. Ndinavomera zonse. Ndinawerengera pamutu kuti ndikagulitsa K4 buku limodzi, mazana atatu abweza ndalama zonse ndi kuikapo K240 pamwamba. Masamu anga anali olondola, ndipo mpaka lero ndimati anali olondola.

M'buku la ku positi munali K700, ndalama ya zaka zisanu ndi zinayi, kuyambira tili ku Mchinji. Yotsalayo ndinaganiza zotenga adivansi kuntchito, azindidula pamalipiro mwezi ndi mwezi. Buku la ku positilo linali m'dzina langa, koma sindikanalikhudza osafunsa. Pobwerera ndinatsika pa Ntcheu, ndipo tsiku lachiwiri, inu mutapita kudimba, ndinayala zithunzi pamphasa. Mayi anu anaziyang'ana nthawi yaitali osazigwira, manja ali pamiyendo.

"Bambo a Esinati, zimenezi mwajambula ndinu?"

"Ndine."

"N'zokongola. Koma ndalamazo ndi za mwana."

"Zibwerera pasanathe chaka, ndi phindu pamwamba."

"Mwana akulowa sitandade eyiti. Akasankhidwa ndalama kulibe, mudzamuuza ndinu, osati ine."

Ndinati ndidzamuuza ndine. Anapukuta manja pachitenje, n'kunyamula chithunzi cha amayi othyola khofi. Anafunsa kuti amayi amenewa ndi ndani, nanga bwanji ndawajambula bwino chonchi. Ndinati ndi akazi a alimi. Anati chabwino, pitani mukachite.

Chaka chachinayi kulowa chachisanu, nyengo ya dzinja

Chilolezo chinandidya miyezi inayi. Wogwira ntchito m'boma sankasindikiza kanthu popanda kalata ya kulikulu, ndipo buku lililonse linkayenera kuwerengedwa kaye ndi ofesi yoona ngati mulibe mawu oipa. Ine ndinali nditalemba malangizo m'Chichewa, ndipo pansi pake, mothandizidwa ndi a Simwaka, ndinaika mzere umodzi umodzi wa Chisukwa, kuti alimi amve. A Chirwa ataona mizereyo anadzuka n'kutseka chitseko cha ofesi. Iwo eni anali Mtumbuka, ndipo anayankhula motsitsa mawu.

"Izi chotsani. Mabuku m'dziko muno ndi Chichewa ndi Chingerezi basi. Mukufuna akakufunseni kuti mukugawa anthu?"

"Koma bwana, bukuli ndi la anthu a ku Misuku."

"Ndikudziwa. Ine ndili ndi ana, inu muli ndi ana. Chotsani."

Ndinachotsa. Ndinafufuta mizere khumi ndi isanu ndi umodzi, ndipo a Simwaka sindinawauze mpaka buku litatuluka.

Kenako kunabwera mapepala oyesera, amene osindikiza amatumiza kuti mwiniwake avomereze. Khofi wanga wofiira anatuluka wofanana ndi njerwa. Ndinadontheza utoto wanga weniweni pakona ya pepala n'kulemba kuti ndikufuna wofiira uyu, chifukwa buku lonse laimira pamenepa. Kalata kupita ndi kubwera inatenga masabata asanu. A Nkoloma anayankha kuti aonjezera inki popanda kupanga mapuleti ena, ndipo sandilipiritsa. Munthu ameneyo sindinamuonenso, koma ndimamukumbukira bwino.

Mabuku ananyamuka mu Malichi, m'makatoni atatu. Mpaka ku Karonga anayenda bwino. Kuchokera kumeneko lole imene inawanyamula inatitimira pamtsinje wina masiku anayi, mvula ikugwa. Katoni imodzi inali pansi. Nditaitsegula ku Boma ndinapeza mabuku zana limodzi atamatirana kukhala chinthu chimodzi cholimba, chonunkha nkhungu. Pepala losalala likanyowa silimatukanso. Panalibe womudandaulira, chifukwa mwini lole anati iyenso katundu wake waonongeka.

Makatoni awiri otsalawo ndinakwera nawo ku Misuku. Ndinawatsegula masana, chitseko chili chotsegula, ndikuyembekeza kuti wina adutsa. Palibe anadutsa. Ndinatulutsa limodzi, ndinalinunkhiza, ndinawerenga dzina langa pachikuto kangapo. Wofiira uja anali wofiiradi. Ndinasangalala kwambiri, ndipo chisangalalo chopanda womuuza chimalemera kuposa chisoni. Ndinaliika patebulo n'kukaphika nyemba.

Chaka chachisanu, Epulo mpaka Ogasiti

Chimene a Nkoloma sanandiwerengere ndi mabuku aulere. A Chirwa limodzi, akuluakulu a kulikulu asanu, ofesi yowerenga mabuku awiri, bwanamkubwa wa boma limodzi, apampando a chipani m'dera ndi m'nthambi aliyense lake, chifukwa ukapatsa uyu n'kusiya uyo wadziputira. Pafupifupi makumi anayi anapita chonchi. Amene ndinagulitsa m'miyezi isanu anali khumi ndi limodzi, ndipo ndalama yake inathera kulipira lole ndi amuna amene anasenza makatoni kukwera phiri. Alimi ankabwera, ankatsegula, ankaloza zithunzi n'kumaseka, koma akamva K4 ankalitseka mwaulemu n'kulibweza ndi manja awiri. K4 pa buku lamawu amene sakuwamva.

Woyamba kugula anali a Simwaka. Patatha masabata awiri ndinapita kwawo kukaona nazale, ndipo anandilowetsa m'nyumba monyadira. Pakhoma la pabalaza panali zithunzi zanga zinayi: maluwa oyera, amayi othyola, phiri lili ndi nkhungu, ndi tsiku loyeza khofi pasikelo. Anali atachotsa timawaya tija, n'kudula masamba, n'kuwamata ndi phala la ufa wa chinangwa, monga mmene anthu kumeneko ankamatira zithunzi za m'makalendala akale. Zina zinali kuchipinda. Za matenda adzukulu anakutira makope.

"A Simwaka, mawu anga ali kuti?"

"Ali kumbuyo, alangizi. Ali makora waka, palibe chawakhudza."

"Nanga muwawerenga bwanji atayang'ana kukhoma?"

"Chichewa chakulemba chikunisuzga, imwe mukumanya. Buku limagona m'sutikesi, limawerengedwa na mbewa. Pano aliyense wolowa akuwona."

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinawauza kuti aononga ntchito ya zaka zitatu, ndi mawu ena amene munthu sauza wamkulu m'nyumba mwake. Tiyi amene akazi awo anabweretsa sindinamwe. Miyezi inayi yotsatira sindinapondeko pakhomo pawo, ndipo popeza anali munthu yekhayo amene ndinkacheza naye, ndinadzilanga ndekha. Tchuthi cha chaka chimenecho sindinapite kumudzi. Ndinalemba kuti ntchito yachuluka, koma zoona zake ndinalibe ya basi, ndipo ndinalibe nkhope yokaonetsa. Mabuku zana limodzi ndi makumi asanu anali pansi pa bedi, pamwamba pa njerwa kuopa chiswe.

Chaka chachisanu, kumapeto kwa Sepitembala

Kalata ya mayi anu inayenda masiku khumi. Inati Esinati wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, yekhayo mtsikana pasukulu yawo. Fizi ya temu yoyamba, yunifolomu, bulangeti, sutikesi ndi ya basi, zonse pamodzi K130. Akapanda kufika pasanathe masabata atatu, malo apatsa wina. Pamapeto anangolemba kuti, "Mwana akudikira kumva kwa inu."

Anatsala masiku khumi ndi limodzi. Malipiro anga anali odulidwa kale ndi adivansi, ndipo adivansi yachiwiri sankapereka yoyamba isanathe. Ndinaganiza za aliyense amene ndikanamupempha, ndipo mndandanda wake unatha usanayambe. M'mawa mwake ndinatsika njira ya kwa a Simwaka. Ndinawapeza akutembenuza khofi pathandala. Sanandifunse kumene ndinali miyezi yonseyo. Anangondipatsa moni wa kwawo, "Mwaghona, alangizi," n'kundikokera mpando. Ndinapepesa, ndipo ndinawafotokozera zonse, zimene ndinali ndisanauzepo munthu. Kenako ndinawafunsa funso limene ndinabwerera.

"Anthu angagule chithunzi chimodzi chimodzi?"

"Angagule chomene. Anthu banandi akhala akundipempha vyanga. Lachisanu kuli malipiro a khofi, ndalama zikhala m'thumba."

Ndinabwerera kunyumba, ndinatulutsa makatoni, ndinakhala pakhonde ndi lezala, rula ndi kampeni kotukulira timawaya. Buku loyamba ndinalitsegula pakati n'kuliyang'ana mpaka khosi kuuma. Ndinkadziuza kuti mwina Lachisanu lomwelo, anthu ali ndi ndalama, agula mabuku athunthu. Koma ndinali nditaonapo mmene ankalitsekera. Ndinatukula timawaya, ndinaika rula pamzere wopindira, ndinadula. Lachiwiri linali losavuta kuposa loyamba, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa. Ndinagwira ntchitoyo masiku awiri, ndikuunjika milu khumi ndi isanu ndi umodzi, uliwonse ndi mwala pamwamba. Limodzi lokha ndinalipatula, loti ndidzawapatsire mayi anu m'manja ndikadzapita. Kunyumba anali asanalionepo, chifukwa sindinkafuna kuti lifike pa positi ine kulibe.

Lachisanu ndinayala pulasitiki pafupi ndi mzere wa malipiro, ine mlangizi wa boma, ngati wogulitsa tomato. Achinyamata a chipani amene ankaona makadi a chipanicho pakhomo lolowera anabwera kudzasuzumira, ndipo nditawapatsa chithunzi cha phiri aliyense anandisiya. Zinayi zimene a Simwaka anamata pabalaza ndi zimene anthu ankafuna, ndipo ndinkagulitsa matambala makumi awiri chimodzi. Zinazo matambala asanu, koma mbozi ndi masamba odwala palibe ankazifuna pakhoma pake. Anthu amene zaka zisanu ankangondipatsa moni anaima nane nthawi yaitali, akukangana kuti phirilo ndajambula nditaima pati, mayi wa duku lachikasu ndi mkazi wa ndani. Tsiku limenelo ndinayankhula ndi anthu ambiri kuposa chaka chonse. Aliyense ankatenga chithunzi n'kuchiyang'ana kumaso, ndipo sindinaone ngakhale mmodzi akutembenuza.

Zotsala za zinayi zija ndinatsika nazo ku Chitipa Boma Lolemba, pagalimoto ya ofesi imene inabweretsa mankhwala. Mwini sitolo wina, a Siame, amene ankaika zithunzi m'magalasi n'kukagulitsa mpaka kutsidya kwa malire, anazitenga zonse pamtengo womwewo. Anati ndikapeza zina ndibwere nazo. Nditaphatikiza zonse, ndi timatambala ta m'thumba mwanga, zinakwana K130 ndendende.

Ku positi kalaliki anawerenga, n'kunena kuti ndalama yotumiza pa telegalamu ili ndi mtengo wake, ndipo ndapereweza matambala makumi asanu ndi awiri. Ndinafunsa ngati angachotse pa K130 pomwepo. Anati atha kutero, koma ine ndinkadziwa kuti mayi anu sanaikepo ngakhale tambala imodzi yapadera, ndipo kumudzi nthawi imeneyo ya chaka kulibe kotapa. Ndikanatumiza pa kalata wamba ndalama ikanafika malo atapita.

Ndinaima pakhonde la positi. Ofesi ya a Chirwa inali kutsidya kwa msewu, ndikuiona. Akanandipatsa, sindikukayika. Koma akanandifunsa kuti mabuku akuyenda bwanji, ndipo ine ndikanayenera kuwauza zimene ndachita nawo. Musaganize kuti ndinachita zanzeru, ana anga. Ndinasankha manyazi amene palibe akanawaona. Ndinabwerera kwa a Siame, ndinatulutsa buku la mayi anu m'chikwama, ndinapempha mpeni, ndinalidula pakauntala pawo pomwepo. Zinayi, matambala makumi asanu ndi atatu. A Siame anafunsa ngati zithunzizi zimachokera m'buku, ndi kuti analemba ndani. Ndinati munthu wina wa kumwera.

Chaka chachisanu, Okutobala

Milu ya mbozi ndi masamba odwala ndinaigawa ulere m'misonkhano. Alimi anaikhoma m'nkhokwe ndi kufakitale, ndipo kunena zoona imeneyo ndiyo inagwira ntchito imene ndinalembera buku. Fizi ya matemu otsatira inachokera pamalipiro adivansi itatha, movutikira, koma inachokera. K700 ija sinabwerere.

Yankho la mayi anu linafika mwezi usanathe. Anati ndalama inafika kutatsala masiku awiri, Esinati wapita, sutikesi anamugulira yabuluu. Pansi pake anaonjezera kuti: "Ndiye kuti mabuku akuyenda. Tatumizireniko limodzi, ana aone, ndi ine ndionetse anthu kuno amene ankati mwataya ndalama."

Ndinapita kwa a Chirwa ngati kukacheza, n'kufunsa ngati buku lawo lija lilipo. Anafufuza m'kabati osalipeza. Ndinafunsanso ena awiri amene ndinawapatsa, mmodzi anati mlendo anabwereka, wina sanakumbukire kuti ndinamupatsapo buku. Kalatayo ndinakhala nayo sabata yathunthu, kenako ndinayankha kuti mabuku onse anatha, silinatsale ngakhale limodzi. M'mawuwo munalibe bodza, ndipo ndinawasankha bwino kuti musakhale bodza.

Mayi anu anakondwa. Nditapita pa tchuthi chaka chotsatira ndinapeza mudzi wonse ukudziwa kuti buku la bambo a Esinati anthu analimbirana mpaka mwiniwake kusowa lake. Ankanena zimenezi kutchalitchi, pamaliro, kwa azilamu anga, ndipo inu nomwe munakula mukuzimva. Nthawi zambiri ndinkafuna kuwauza, makamaka nditapuma ntchito, tikakhala awiri pakhonde. Koma ankanena nkhaniyo ndi nkhope yowala, ndipo inali chinthu chokhacho chimene zaka zisanu ndi chimodzi zakukhala okha zinawapatsa. Chaka chimene ankadwala anandifunsanso kamodzi ngati sindingalembere osindikiza aja kuti apangenso limodzi lokha, angolionako. Ndinati ndilemba.

Esinati, iwe ndi amene ukutaipa mapepalawa, ndiye uyamba ndiwe kudziwa. Ndinalonjeza mayi ako kuti ndidzakuuza ndine. Ndachedwa, ndipo iwo apita osaliona bukulo.